Phunziro la Mawu: Mayina a Anthu Oyang'anira Anzawo

Mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi mayina amene timatchula nawo anthu oikidwa pamwamba pa ntchito, pa chuma, ndi pa anthu anzawo. Mayinawo ndi ambiri ndithu: woyang'anira, kapitawo, bwana, manijala, nyakwawa, mkulu, mdindo, wapampando, ndi ena otere. Munthu wokhala pa msika wa pa Namadzi tsiku limodzi lokha angathe kuwamva onsewa dzuwa lisanalowe. Ambiri a ife timangowasakaniza monga nyemba ndi nandolo m'lichero limodzi, poyesa kuti tanthauzo lake ndi limodzimodzi. Koma si tero ayi. Dzina lililonse lili ndi kwawo kumene linachokera, ndipo lililonse limanena kanthu za munthu wolinyamula: amene anamuika, chimene anamusungitsa, ndi kumene adzakafotokoza za ntchito yake. Munthu akapatsidwa dzina losayenera udindo wake, posachedwa ayamba kuchita monga mwa dzinalo, ndipo amene ali pansi pake ndiwo amalira. Ife a kuno ku Namadzi sitisowa kupita kutali kukafuna umboni wa zimenezi, pakuti mbiri ya dera lathu lomwe itiphunzitsa.

1. Za liwu lakuti woyang'anira

Tiyambe ndi liwu la chinenero chathu chenicheni. Pali kuyang'ana, ndipo pali kuyang'anira. Munthu wodutsa panjira ayang'ana mbuzi zilikudya chimanga cha mwini, napitirira ulendo wake, ndipo palibe amene adzamuzenga mlandu. Koma mnyamata amene anauzidwa kuti ayang'anire mbuzizo, zikalowa m'munda mlandu ndi wake, ngakhale mbuzi si zake ndipo munda si wake.

Taonani tsono kachidutswa kakang'ono kamene kasiyanitsa mawu awiriwa. Timati kuphika ndi kuphikira, kusunga ndi kusungira, kutsogola ndi kutsogolera. Mayi aphika nsima. Mayi aphikira ana nsima. Kachidutswa kameneka ka -ir- kapena -er- kakalowa m'mneni, kawirikawiri kaonetsa kuti ntchitoyo ichitidwa chifukwa cha wina. Munthu angathe kutsogola yekha panjira nafika msanga kumudzi, osasamala za otsala m'mbuyo. Koma wotsogolera sangathe kutero: iye ayenda monga ayendera ofooka a m'gulu lake, pakuti akafika yekha ndiye kuti sanatsogolere munthu aliyense. Chomwechonso woyang'anira: maso ake anabwerekedwa ndi anthu ena.

Chifukwa chake tikamva dzina lililonse la udindo, tiyenera kufunsa mafunso atatu. Loyamba: anamuika ndani? Lachiwiri: ayang'anira chiyani, ndipo chinthucho ndi cha yani? Lachitatu: adzafotokoza kwa yani za ntchito yake? Mafunso atatuwa ndiwo muyeso umene tidzayesera mayina onse m'phunziro lino.

2. Mayina amene makolo athu anatisiyira

Anthu a m'boma lino la Chiradzulu, kaya ndi Amang'anja, Ayao kapena Alomwe, amawerenga mtundu potsata mayi. Chifukwa chake woyang'anira woyamba amene mwana wa kuno amamudziwa ndiye mwini mbumba, mwamuna amene asamala alongo ake ndi ana awo. Tisamale nalo liwu ili lakuti mwini. Mwini khasu angathe kuligulitsa, kulibwereketsa, kapena kulitaya m'thengo. Koma mwini mbumba sangathe kutero ndi mbumba yake. Umwini wake ndi wakuti matenda akagwa amayamba kuuzidwa ndiye, maliro akagwa athamanga ndiye, ndipo mwana wa mlongo wake akapalamula aimirira pabwalo ndiye. Mbumba ikaona kuti sasamala, imuleka niyamba kupita kwa mbale wina. Potero iye anaikidwa ndi mbumba, ayang'anira mbumba, nafotokozanso kwa mbumba yomweyo.

Wachiwiri ndiye nkhoswe. Nkhoswe sikhala m'nyumba ya banja limene iyang'anira, ndipo silamula chimene adzadya mawa. Koma mbali zonse ziwiri zinagwirizana kuti banjalo likagwedezeka, ankhoswe ndiwo adzakhala pansi kumva nkhani. Ameneyu ndi woyang'anira amene ntchito yake yaikulu ndi kumvetsera.

Pamwamba pa mbumba zingapo pali nyakwawa, ndiye mfumu ya mudzi; pamwamba pa nyakwawa zingapo pali gulupu; ndipo pamwamba pa magulupu pali mfumu yaikulu, monga Chitera, Kadewere, Likoswe, Mpama, Nkalo ndi Ntchema m'boma lathu lino. Ufumu ndi wakale, koma makwerero amenewa anakonzedwa ndi malamulo a boma. M'chaka cha 1912 boma la atsamunda linaika lamulo losankha mafumu akulu oyang'anira nyakwawa. M'chaka cha 1933 linapatsa mafumu ena mphamvu zoweruza milandu ndi kuika malamulo a m'madera awo. Ndipo dziko litalandira ufulu, lamulo la mafumu la 1967 linakhazikitsa makwerero amene tiwadziwa lero. Liwu lakuti gulupu lokha lichitira umboni kuti udindowo si wa makolo, pakuti tinalibwereka ku Chingerezi.

Mfumu ya makolo sinali kuweruza yokha. Inali ndi nduna zake ndi akuluakulu a m'mudzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Liwu lakuti nduna lakwera masiku ano, kotero kuti tikati nduna, anthu amaganiza za nduna ya boma ku Lilongwe. Koma tanthauzo lake loyamba silinasinthe: ndiye munthu wothandiza wamkulu kusenza nkhani, wosati mwini nkhaniyo. Ndipo liwu lakuti mkulu lichokera ku kukula. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kutanthauza kuti mkulu adziwika ndi mikangano imene yathera pa iye.

3. Mayina amene anadza ndi alendo

Mayina ena anadza ndi anthu a malonda ndi a ulamuliro wachilendo. Liwu lakuti bwana linachokera ku Chiswahili cha ku gombe la nyanja yamchere, ndipo linakwera kuno ndi maulendo a minyanga ndi akapolo. Liwu lakuti boma nalonso ndi la komweko, ndipo poyamba linali kutanthauza linga, malo otchingidwa ndi mpanda. Bwanamkubwa m'Chiswahili ndiye kuti bwana wamkulu. M'masiku a atsamunda dzinalo linali kunenedwa kwa mkulu wa dziko lonse wokhala ku Zomba. Lero timalimva pa wailesi ponena za mkulu wa boma laling'ono, monga bwanamkubwa wa boma la Chiradzulu.

Kuchokera ku Chipwitikizi, kudzera m'chigwa cha Zambezi ndi Shire, kunadza mawu awiri. Loyamba ndi dona, mkazi wolemekezeka, limene kuno linasanduka dzina la mkazi wa bwana. Lachiwiri ndi kapitawo. Apwitikizi amati capitão, ndipo muzu wake uli m'liwu la Chilatini lakuti caput, ndilo mutu. Kwawoko linali dzina la mkulu wa asilikali kapena wa ngalawa. Kuno linakhala dzina la munthu wakuda woikidwa ndi Mzungu kuyang'anira gulu la onyamula katundu kapena la olima m'munda.

Manijala ndi liwu la Chingerezi, ndipo Angerezi nawonso analibwereka ku Italy, kumene linali kunena za luso logwira kavalo ndi dzanja kuti ayende kumene wokwerapo afuna. Manijala ndiye munthu wolembedwa ntchito ndi mwini chuma kuti ayendetse chumacho tsiku ndi tsiku. Amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Southern Rhodesia, kumene lero timati Zimbabwe, anabwera nalonso liwu lakuti foromani, limene likhala pafupi ndi kapitawo.

Tiyese tsono mayina awa ndi muyeso wathu uja. Kapitawo anamuika ndani? Manijala. Manijala anamuika ndani? Mwini munda. Afotokoza kwa yani? Kapitawo kwa manijala, manijala kwa mwini munda. Muone kuti m'makwerero onsewa nkhope ya munthu aliyense ipenya kumwamba, ndipo palibe mmodzi amene afotokoza kwa anthu ogwira khasu. Apa ndipo asiyanirana ndi mwini mbumba ndi nkhoswe. Sitinena kuti mayinawa ndi oipa mwa iwo okha, pakuti ntchito yaikulu siyenda popanda woiyendetsa. Koma pamene woyang'anira alibe woti amufunse kuchokera pansi, ndipo wa pamwamba afunsa za phindu lokha, pamenepo pali ngozi.

4. Chimene chinachitika ku Magomero

Ngoziyo inaoneka pafupi pathu pompano. M'chaka cha 1893 munthu wina wa ku Scotland, dzina lake Alexander Low Bruce, amene anakwatira mwana wamkazi wa David Livingstone, anapeza malo okwana pafupifupi maekala 170,000 m'dziko lino, ndipo gawo lalikulu la malowo linali ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi. Iye anamwalira chaka chomwecho osawaona malowo ndi maso ake. Esiteti inatsala m'manja mwa ana ake, ndipo woiyendetsa anali manijala William Jervis Livingstone, amene anthu a kuno anali kumutcha Listonia. Pambuyo pake mwana wa mwini malo, Alexander Livingstone Bruce, anadza kudzakhala kuno, ndipo manijala anali kufotokoza kwa iye.

Poyamba anayesa khofi, nalephera. Kenaka analima thonje, ndipo pambuyo pake fodya. Mbewu zimenezi zifuna manja ambiri m'nyengo ya dzinja, nthawi yomweyo imene munthu afuna kupalira munda wake. Manjawo anapezeka mwa Alomwe amene anali kuthawa nkhanza ndi njala m'dziko la Apwitikizi, nalandiridwa pa esiteti kuti amange nyumba ndi kulima, koma alipire ndi ntchito. Ntchitoyo inatchedwa thangata.

Onani tsono umo liwu labwino lingathe kuipitsidwa. Kuthangata m'chinenero chathu ndiko kuthandiza. Anthu anali kuthangata mfumu yawo kapena mnansi wawo pa ntchito yomukulira, podziwa kuti mawa nawonso adzathangatidwa. Koma pa esiteti thangata linasanduka lendi. Munthu anayenera kugwira mwezi umodzi chifukwa cha malo ndi mwezi wina chifukwa cha msonkho wa nyumba. Tsiku linali kulembedwa pokhapokha ndime yatha, ndipo ndime inali yaikulu. Potero miyezi iwiri inali kutambasuka kufikira kudya nyengo yonse ya dzinja. Woyesa ndime, woitana mayina ndi wosonkhanitsa anthu m'midzi anali kapitawo. Ena mwa akapitawo anaikidwanso ndi esiteti kukhala mafumu a midzi ya obwera. Pamenepo dzina la makolo linavala nkhope yachilendo: munthu anali kutchedwa mfumu, koma anaikidwa ndi manijala, nafotokoza kwa manijala.

Eni esiteti anakana kuti pamalo pawo pakhale sukulu kapena nyumba zopemphereramo. Mbusa John Chilembwe, amene anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'chaka cha 1900, anali ndi omutsatira ambiri mwa anthu a pa esiteti, ndipo tinyumba tawo topemphereramo tinatenthedwa. Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe anaukira Magomero, napha William Jervis Livingstone ndi Azungu ena awiri. Boma linabwezera ndi dzanja lolemera: Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, ambiri mwa omutsatira ananyongedwa kapena kuwomberedwa, ndipo tchalitchi cha ku Mbombwe chinagwetsedwa. Bungwe lofufuza limene boma linaika linatulutsa lipoti lake mu 1916, ndipo mwa zifukwa za kuukirako linatchula kayendetsedwe kankhanza ka esiteti ya Bruce. Koma thangata silinathe msanga. Lamulo la 1928 linangolichepetsa mphamvu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha boma linayamba kugula malo a maesiteti kuti anthu akhalepo. Ndipo thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Sitikumbutsa zimenezi kuti tidzutse chidani ndi akufa. Tizikumbutsa chifukwa zitiuza chifukwa chake liwu lakuti kapitawo limveka lowawa m'makutu a agogo athu, ndi chifukwa chake munthu wa kuno akati "imeneyi ndi thangata" satanthauza chithandizo konse. Pa Magomero panali oyang'anira ambiri, koma onse anali kuyang'anira thonje. Panalibe woyang'anira anthu.

5. Mayina a mu mpingo

Mipingo nayo inadza ndi mayina ake, ndipo bishopu woyamba kukhala m'dziko lino anakhala pa Magomero pomwepa. Ndiye Charles Frederick Mackenzie, amene David Livingstone anamuperekeza kuno mu Julaye 1861 pamodzi ndi akapolo amene anawamasula panjira. Iye anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Ruo, ndipo anzake anachoka ku Magomero chaka chomwecho.

Liwu lakuti bishopu lichokera ku Chigiriki, episkopos, ndipo tikalimasulira chidutswa ndi chidutswa lifanana kwambiri ndi lathu lija: munthu wopenya pamwamba pa ena. Chifukwa chake omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, analemba woyang'anira pamene Chigiriki chinati episkopos. Liwu lina la Chigiriki, presbyteros, litanthauza mkulu, ndipo ndilo muzu wa dzina la mipingo ya Chipresbiteriya, imene iyendetsedwa ndi bwalo la akulu a mpingo pamodzi ndi mbusa. Mishoni za Blantyre ndi Livingstonia zinaphatikizana mu 1924 kupanga mpingo wa CCAP, ndipo Nkhoma inalowa mu 1926. Dikoni, m'Chigiriki diakonos, ndiye mtumiki. Ndipo mbusa ndi liwu lathu la kubusa, limene mwana aliyense woweta ng'ombe alidziwa.

Omasulira aja anatenga mawu amene anawapeza pakamwa pa anthu. M'fanizo la pa Luka 16, munthu wosunga chuma cha mbuye wake anamutcha kapitawo, pakuti wowerenga aliyense wa nthawi imeneyo anali kumudziwa kapitawo ndi kaundula wake. Pamalo ena analemba mdindo, ndiye munthu wosungitsidwa za mwini. Pilato anamutcha kazembe, liwu limene lero tilisungira munthu woimira dziko lake kunja. Izi zitiphunzitsa kuti mawu amayenda, ndipo wowerenga mabuku akale ayenera kufunsa chimene liwu linali kutanthauza pa nthawi yolembayo.

Chinthu chimodzi tichione pa mayina a mu mpingo: pafupifupi onse anena za ntchito, ndipo palibe limene linena za umwini. Woyang'anira, mkulu, mtumiki, mbusa, mdindo: aliyense wa iwo agwira zimene si zake.

6. Mayina a m'mabungwe athu a lero

Masiku ano mudzi uliwonse uli ndi mabungwe ambiri koposa kale. Kuyambira pamene lamulo la maboma aang'ono la 1998 linatsitsira mphamvu ku anthu, tili ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera. Tilinso ndi komiti ya sukulu, komiti ya mjigo, makalabu a alimi, ndi magulu a banki mkhonde. M'mabungwe onsewa timasankha anthu ndi kuwapatsa mayina, ndipo apa ndi pamene phunziro lathu ligwira ntchito.

Wapampando atchedwa ndi dzina la mpando umene akhalapo. Ntchito yake ndi kutsegula msonkhano, kupatsa aliyense mpata wolankhula, kuona kuti zimene gulu lagwirizana zachitika, ndi kutseka msonkhano. Nthawi yake ikatha anyamuka, ndipo dzina litsala ndi mpando. Mlembi ndiye chikumbukiro cha gulu: alemba amene anafika, zimene anapangana, ndi makalata. Msungichuma asungira gulu chuma chake. Salamula kumene ndalama zipite, koma azitulutsa pamene gulu lavomereza, nawerenga poyera zolowa ndi zotuluka. Maudindo atatuwa anagawidwa dala, kuti wina aone zimene wina achita. Onani magulu a banki mkhonde: bokosi lawo likhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo bokosilo lisungidwa ndi munthu winanso. Sachita izi chifukwa chakuti anzawo ndi akuba, koma kuti munthu wokhulupirika asalowe m'mayesero ndi kuti asanamiziridwe. Komiti ya mjigo imene wapampando wake ndiye alemba m'kaundula nasunganso ndalama m'thumba lake, tsiku limene mjigo udzathyoka idzapeza kuti ilibe womufunsa.

M'mabungwe akulu muli kusiyana kwina kumene ambiri sakusamala: kusiyana kwa woyendetsa ndi oyang'anira. Pa sukulu, mphunzitsi wamkulu ndiye ayendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku, koma komiti ya sukulu iyang'anira m'malo mwa makolo. M'bungwe la alimi limene lakula kufikira kulemba manijala, manijalayo ndi wantchito wa bungwe: alandira malipiro, nafotokoza kwa komiti, ndipo komiti ifotokoza kwa mamembala pa msonkhano waukulu. Kawirikawiri manijala ndiye wophunzira koposa onse, ndiye adziwa Chingerezi ndi kompyuta, ndipo alimi amene anamulemba ntchito ayamba kumugwadira ndi kumutcha bwana. Zikatero makwerero atembenuzika: wolembedwa ntchito wasanduka mwini, ndipo eni ake aopa kufunsa za chuma chawo chomwe. Komiti nayonso isalande ntchito ya manijala ndi kumulamula pa kanthu kalikonse kakang'ono; ntchito yake ndi kuika malire, kufunsa ndi kuwerenga mabuku.

7. Za kanenedwe koyenera

Titsirize ndi malangizo pang'ono a kanenedwe ndi kalembedwe, pakuti ambiri amaphonya pamenepa.

Choyamba, tisiyanitse ulemu ndi kuchuluka. Tikati abwana tinena munthu mmodzi mwaulemu. Tikati mabwana tinena anthu ambiri. Chomwechonso amfumu ndi munthu mmodzi, mafumu ndi ambiri. Adona ndi mmodzi, madona ndi ambiri. Koma abusa, atsogoleri, akapitawo ndi adindo angathe kukhala mmodzi wolemekezedwa kapena ambiri, ndipo nkhani yokha ndiyo isonyeza. Wolemba kalata asamale kuti wowerenga asasokonezeke, ndipo ngati kuli kofunika aonjeze liwu lakuti onse. Mmodzi ndi woyang'anira, ambiri ndi oyang'anira. Akulu a mpingo ndi anthu a udindo wodziwika, koma akuluakulu ndi anthu onse aulemu a pamalo.

Chachiwiri, pa msonkhano titchule munthu ndi dzina la udindo wake: a wapampando, a mlembi, a msungichuma. Kutero kukumbutsa iye ndi ife kuti tilankhula ndi udindo, ngakhale wokhala pampandoyo ali mphwathu kapena mlamu wathu. Kuthandizanso wamng'ono kufunsa wamkulu funso lovuta popanda chipongwe, pakuti safunsa malume ake, afunsa msungichuma. Msonkhano ukatha, malume akhalanso malume.

Chachitatu, liwu lakuti bwana tilisunge pamalo pake. Wantchito atchule womulemba ntchito bwana, palibe choipa. Ndipo wogulitsa pa msika akatitcha bwana tidziwa kuti afuna tigule tomato. Koma munthu amene tamusankha tokha ndi manja athu si bwana wathu. Tingamulemekeze ndi mawu akuti bambo, mayi, kapena akulu, ndipo ulemuwo ukwanira. Liwu lakuti kapitawo likadali ndi ntchito pa zomangamanga ndi m'minda ya tiyi ndi fodya, ndipo wolinyamula lero asachite nalo manyazi. Koma akumbukire kuti dzina lake litanthauza mutu, ndipo makolo anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Madandaulo a anthu ake ayenera kukwera kudzera mwa iye monga momwe malamulo a bwana atsikira kudzera mwa iye.

Chachinayi, wosankhidwa asamati "bungwe langa" kapena "anthu anga" monga anenera za njinga yake. Ngati atero, atero monga mwini mbumba, amene umwini wake ndi kusenza.

Mafunso okambirana

Tipempha kuti amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo phunziro lino madzulo, ndipo akambirane mafunso awa.

1. Kodi kuyang'ana ndi kuyang'anira zisiyana bwanji? Tchulani aneni ena atatu amene asintha tanthauzo mwa njira yomweyi.

2. Mwini khasu ndi mwini mbumba onse atchedwa mwini. Fotokozani kusiyana kwa umwini wawo.

3. Ndi mayina ati amene tinabwereka ku Chiswahili, ku Chipwitikizi, ku Chingerezi ndi ku Chigiriki?

4. Liwu lakuti thangata linali kutanthauza chiyani poyamba, ndipo linasintha bwanji pa Magomero?

5. Tchulani mabungwe onse a m'mudzi mwanu. Pa munthu aliyense wa udindo m'mabungwemo yankhani mafunso atatu aja: anamuika ndani, ayang'anira za yani, ndipo anafotokoza liti komaliza za ntchito yake pamaso pa amene anamusankha?

Ngati pa funso lachisanu mupeza munthu amene palibe akumbukira tsiku limene anafotokoza, musayambe ndi kumuneneza. Pitani kwa a mlembi, mupemphe kuti aitanitse msonkhano, ndipo mabuku awerengedwe pamaso pa onse.